Chimfine cha ku Joni musachitumire mankhwala kumudzi

Achimwene amene mwangofika kumene ku Joni kuchokera ku Mangochi, June akubwera. Ife tinakulira m'kutentha kwa kunyanja, matupi athu sachidziwa chisanu cha Johannesburg. Chimfine chikugwirani, musakayike.

Zochita mukuzidziwa kale: madzi otentha a mandimu, jinja ndi supuni ya uchi, kuchukucha pakhosi ndi madzi ofunda amchere, kumwa madzi ambiri, kugona. Mutu ukavuta imwani Panado, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku. Uchi osampatsa mwana amene sanakwanitse chaka.

Tsono mvetserani zanga. Chaka choyamba ndinakhosomola milungu itatu. Ku kiliniki ndinkaopa kuti akandifunsa mapepala, ndiye ndinamvera mkulu wina wonyamula katundu pakati pa Mangochi ndi Joni. Ankati kwawo kuli sing'anga wodziwa mizu yochapa chifuwa. Ndinamupatsa R800. Sabata yoyamba akuti galimoto yafa ku Tete. Yachiwiri akuti katundu wagwidwa pa Beitbridge, ndiwonjezere yotsegulira njira. Ndinawonjezera, kupusa kwanga.

Chimene chinafika ndi botolo la Sobo lodzaza madzi akuda owawa. Mpaka lero ndimati inali nimu basi, yomweyo timakhala pamthunzi pake pa boma osalipira kanthu. Ndinamwa masiku anayi, ndinatsegula m'mimba, chifuwa chili pomwepo, usiku bulangete lonyowa ndi thukuta. Mnzanga wa ku Namwera ndiye anachita kundikoka kupita ku kiliniki. Atayeza makhololo anapeza TB. Mankhwala a miyezi 6, osalipira ngakhale randi imodzi. Mkulu uja nambala anasintha.

Ndiye musandiuze za mizu. Chimfine wamba chimatha chokha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, mandimu amangokupepuzani podikira. Chifuwa chikafika milungu iwiri, mukamawonda, kutuluka thukuta usiku kapena kulavula magazi, kayezetseni TB. Mukamabanika, musadikire mawa.

Makapusozi a amoxicillin amene mumagawana m'chipindamo sapha kachilombo ka chimfine. Mukungotaya ndalama ndi kuzoloweretsa majeremusi, tsiku lomwe mudzawafunedi adzakukanani.

Kufukiza ndi masamba a bulugama kumatsegulako mphuno kwa kanthawi, sindikana, koma si mankhwala. Chotsani poto pamoto kaye, ndipo ana musawafunditse bulangete pa madzi owira, amapsa.

Chondiopsa kwambiri ndi mbaula. Mumadzazana anthu asanu m'kachipinda kamodzi, mawindo otseka, makala ali ngwee pakati, eti kuthamangitsa chimfine. Mpweya wa makala ulibe fungo, umakugonetsa osadzukanso. Tulutsani mbaula musanagone, hita ya parafini izime, windo likhale lotsegukako. Ndalama yomwe mukanapatsa wonyamula katundu kaguleni bulangete lachiwiri ndi masokosi.