Momwe mungachitire kuti tchanelo chanu cha YouTube chiyambe kukulipirani

Achinyamata ambiri ojambula makanema pafoni amaganiza kuti anthu akangoonera mwaunyinji, ndalama zimayamba kulowa zokha. Ayi ndithu. YouTube imalipira okhawo amene yawalandira mu ndondomeko yake yotchedwa YouTube Partner Program, ndipo polowera pake pali zipata zingapo. Aliyense amakamba za chipata cha manambala, koma anthu ambiri amagwera pa zipata zina, ndiye tiyambire kumeneko.

Choyamba, onani ngati dziko lanu lili pa mndandanda

Ndondomekoyi sinatsegulidwe m'mayiko onse. Kuno ku Africa muli mayiko monga South Africa, Zimbabwe, Tanzania, Kenya, Uganda, Nigeria ndi Ghana, pomwe Malawi wakhala nthawi yaitali osapezekapo. Mndandandawu umasinthidwa, choncho uwerengeni nokha pa tsamba lothandizira la YouTube musanathere ndalama pa mabandulo.

Apa ndi pomwe ambiri amaitanira mbale wawo wa ku Johannesburg kapena ku London kuti alembetse m'dzina lake. Dziwani kuti ndalama zimadzera mu akaunti ya AdSense, njira ya Google yolipirira ndalama za otsatsa malonda, ndipo dzina limene lalembedwa pamenepo ndilo la mwini ndalamazo. Kalata yotsimikizira adiresi ipita kwa iye, banki ikhala yake, za msonkho zikhalanso zake. Dziko limene mwasankha potsegula AdSense silisinthidwa, pokhapokha mutatseka akauntiyo n'kuyambanso. Ngati mukugwiradi ntchito limodzi ndi mbaleyo, khalani pansi mugwirizane za kagawidwe ndalama isanaoneke, chifukwa chibale chimayesedwa tsiku limene madola afika. Kungonama adiresi mulibe wina kumeneko ndi kudzitchera msampha, poti akadzafuna chiphaso mudzasowa chopereka.

Chachiwiri, kwanitsani manambala

Kuti muzilandira gawo la ndalama za otsatsa malonda, pamafunika ma subscriber (anthu olembetsa kuti azitsatira tchanelo chanu) 1,000 komanso maola 4,000 amene anthu aonera makanema anu m'miyezi 12 yapitayi. Muyezo umenewu unakhazikitsidwa mu 2018. Ngati mumapanga timakanema tatifupi totchedwa Shorts, m'malo mwa maolawo pamafunika kuti tioneredwe ka 10 miliyoni m'masiku 90.

Maola 4,000 ndi mphindi 240,000. Ngati munthu aliyense amakhala mphindi 4 pa kanema wanu asanachoke, ndiye kuti makanema anu aoneredwe ka 60,000. Akamachoka pakangotha mphindi imodzi, nambala ija ikwera kanayi. N'chifukwa chake ine ndimati kusunga munthu mpaka kumapeto kumaposa kumukopa ndi mutu wabodza. Musayambe ndi malonje ataliatali ndi kupempha kuti asabusikiraibe. Woonera wa kuno akuwerengera bandulo yake, akaona kuti mukuzungulira amachoka.

Maola a makanema obisidwa kapena ofufutidwa sawerengedwa, ngakhalenso a Shorts amene anthu amangopitirira ndi chala. Musafufute makanema akale chifukwa cha manyazi, mungataye nawo maola.

Mu 2023 anatsegulanso khomo laling'ono: ma subscriber 500, makanema 3 oikidwa m'masiku 90, ndi maola 3,000 pachaka kapena Shorts zooneredwa ka 3 miliyoni m'masiku 90. Khomo limeneli limalola kuti okutsatirani azikupatsani ndalama okha kudzera mu Super Chat, Super Thanks ndi umembala. Za otsatsa malonda mulibemo.

Chachitatu, yeretsani tchanelo

Apa ndi pofunika kudekha. Mukapempha kulowa, tchanelo chanu chimaunikidwa chonse: makanema atsopano, ooneredwa kwambiri, mitu yake ndi zithunzi zapachikuto. Chimene chimakanitsa ambiri ndi zinthu za eni ake. Kutapa zigoli za mpira pa wailesi ya kanema, kusonkhanitsa nthabwala za ena pa TikTok, kuika nyimbo ya woimba wina pansi pa chithunzi chake, zonsezi zimabweretsa anthu msanga koma amazitenga ngati zobwereza. Ngakhale mwini wake atakulolani, pamafunikabe kuti pakhale chanuchanu chimene mwawonjezerapo, monga ndemanga, kusanthula kapena kuphunzitsa.

Nyimbo zimakola ngakhale osalakwa. Tinene kuti mwajambula perekaniperekani pa ukwati, azimayi akuvina akuponya ndalama m'lichero, DJ watsegula nyimbo yotchuka. Kanemayo ndi wanu, koma makina otchedwa Content ID amaimva nyimboyo, ndipo ngati mwini wake anailembetsa, ndalama za kanemayo zikhoza kupita kwa iye. Chimenechi si chilango pa tchanelo, kungoti mwalimira wina. Choopsa ndi pamene mwini chinthu wadandaula kuti kanema achotsedwe: pamenepo mumalandira chenjezo la copyright (loti mwaphwanya ufulu wa mwini chinthu), ndipo atatu otere amatseketsa tchanelo. Mukafuna nyimbo yapansipansi, tengani mu Audio Library ya mu YouTube Studio (tsamba loyendetsera tchanelo chanu), ndi yaulere.

Ma subscriber ogula asiyeni. Makina amawazindikira n'kuwachotsa, komanso saonera chilichonse. Magulu a pa WhatsApp aja a "ndisabusikiraibe nane ndikubwezera" nawonso ndi kuphwanya malamulo a YouTube.

Pasakhalenso chenjezo la Community Guidelines (malamulo a YouTube a zinthu zololedwa kuika) limene likadali ndi mphamvu pa tsiku lopempha.

Chachinayi, konzani akaunti n'kupempha

Tsegulani 2-Step Verification pa akaunti yanu ya Google, kuti polowa pazifunikanso foni yanu kuwonjezera pa password. Kenako lowani mu YouTube Studio, pitani pa Earn, vomerezani mgwirizano, ndipo lumikizani AdSense kuchokera momwemo. Munthu mmodzi amaloledwa AdSense imodzi yokha; mukatsegula yachiwiri chifukwa mwaiwala yoyamba, pempho limaima. Mwini wake akhale wa zaka 18 kapena kuposa, apo ayi kholo ndilo lilembetse.

Yankho limatenga pafupifupi mwezi. Akakukanani muli ndi masiku 21 ochita apilo, kapena dikirani masiku 30, mukonze zimene atchula, mupemphenso. Akakukananinso, kudikira kumakhala masiku 90.

Nanga Facebook ndi TikTok? Nawo amayang'ana dziko poyamba. Creator Rewards Program ya TikTok imafuna okutsatirani 10,000, makanema ooneredwa ka 100,000 m'masiku 30 ndiponso otalika kuposa mphindi imodzi, koma ili m'mayiko ochepa monga America, Britain, France ndi Germany. Pa Facebook, tsegulani Professional Dashboard, pamenepo amalemba zimene tsamba lanu likuloledwa.

Chachisanu, njira ya ndalama

Akakulandirani, mumatenga 55 pa 100 iliyonse ya ndalama za malonda a pa makanema aatali, ndi 45 pa 100 ya gawo lanu la Shorts. Kuchuluka kwake kumadalira komwe oonera ali. Otsatsa amalipira kwambiri pofikira munthu wa ku Britain kapena America kusiyana ndi wa kuno, choncho kanema wa Chichewa amene wakopa abale athu okhala kunja amalemerako.

Lembani fomu ya msonkho wa ku America imene ili mu AdSense, ngakhale simunapondeko. Mukainyalanyaza akhoza kudula mpaka 24 pa 100 ya ndalama zanu zonse. Zikakwana madola 10, amatumiza kalata papositi yokhala ndi PIN yotsimikizira adiresi, ndiye perekani adiresi imene makalata amafikadi, osati ya "kuseri kwa chigayo". Kalatayo imatha masabata angapo ili m'njira, ndipo ikasochera mumapempha ina. Dzina la pa AdSense lifanane ndendende ndi la pa chiphaso ndi la ku banki.

AdSense silipira mpaka ndalama zitakwana madola 100. Mukapanga 30 mwezi uno ndi 40 mwezi wamawa, zimangosungidwa mpaka zifike pa muyezowo, kenako amatumiza pakati pa 21 ndi 26 wa mwezi wotsatira. Ndipo mukakhala miyezi 6 osaika kalikonse, ali ndi ufulu wokuchotsani mu ndondomekoyi.