Musanagule masheya otchipa a pa foni

Anzanga a kuno ku Mzuzu amene mwayamba kugula masheya a ku America pa foni, imani kaye. Kumeneko sheya yosakwana madola 5 amaitcha penny stock. Kutchipako n'komwe kumakopa, koma ogula masheya oterewa amakhala ochepa, ndiye kagulu kakang'ono kangathe kukweza mtengo mwadala. Amagula mwakachetechete, n'kuyamba kuitamanda kampaniyo pa WhatsApp. Inu mukangolowa, iwo amagulitsa. Mtengo umagwa, wokugulani osapezeka.

Ambiri akaluza amaloza chala a short selling, aja amabwereka masheya, kuwagulitsa, n'kudzawagulanso mtengo ukatsika. Alipodi, ndipo mu 2021 iwonso analira ndi masheya a GameStop, kampani ya ku America yogulitsa magemu, mtengo wake utakwera m'malo motsika. Koma ine amene ndimamuopa kwambiri ndi uja wotumiza uthenga woti "gulani lero lomwe".

Musanaike ndalama, werengani malipoti a zachuma a kampaniyo, muonenso kuti patsiku pamagulidwa masheya angati. Ya fizi ndi ya feteleza isalowemo, chonde. Ngati mwangoyamba kumene, yambirani pa Malawi Stock Exchange, msika wa masheya wa m'dziko muno, kudzera kwa broker (wokugulirani masheya) wovomerezedwa ndi Reserve Bank. Makampani a pa msikawu ngati Airtel ndi National Bank mumawaona ndi maso m'tauni muno.