Mwangofika ku UK? Nkhani ya chipatala ndi inshuwalansi ili motere

Inu amene mwangotsika kumene ndege, kaya muli ku Manchester kaya ku Leeds, musapupulume kugula inshuwalansi ya pulaiveti poganiza kuti kuno nkofanana ndi MASM ya kumudzi. Ambirinu munalipira kale tsiku lomwe munkafunsira visa lija, ndalama ija ya chithandizo cha chipatala amati IHS. Kuyambira February 2024 ndi £1,035 pa chaka kwa munthu wamkulu, ana ndi ophunzira £776, ndipo amatenga ya zaka zonse za visa pakamodzi, nchifukwa chake thumba linalira tsiku limenelo. Amene munabwera pa Health and Care Worker visa, manesi ndi ma carer, inu iyi simulipira. Mulimonsemo NHS, zipatala za boma za kuno, ndi yanu ngati mzika.

Koma kulipira kokha sikukupatsani dokotala. Sabata yoyamba yomweyi kalembetseni kwa GP, dokotala wa m'dera woyamba kumuona mukadwala, wapafupi ndi pomwe mukukhala, musadikire mudwale kaye chifukwa kupeza apoyintimenti kuno nkovuta kale ngakhale kwa olembetsa. Kulembetsa ndi ulele, ndipo ku England malamulo a NHS amati sangakukanizeni chifukwa choti mulibe pasipoti kapena kalata yosonyeza adiresi, ndiye wapa resepishoni akayamba kukuzunguzani muwauze mwaulemu zimenezo. GP ndi amene amakutumizani kwa dokotala wamkulu, kuno sumangodzuka nkukalowa chipatala chachikulu ngati ku Queens. Mukadwala usiku imbani 111 akuuzani chochita, 999 ndi ya pomwe moyo uli pachiswe.

Mankhwala ku England ndi £9.90 pa mtundu ulionse womwe dokotala walemba, ku Scotland ndi Wales ndi ulele. Ngati mumamwa a BP mwezi ndi mwezi gulani chiphaso chija amati PPC, £114.50 chaka chonse basi mumangotenga. Amayi oyembekezera ndi odwala shuga amene ali pa mankhwala salipira, bola apemphe chiphaso chawo. Amene muli pa ma ARV musachite manyazi kapena kuyamba kudumphitsa masiku kuti botolo la kumudzi lifike patali, chithandizo cha HIV ndi chaulele kwa aliyense posatengera mapepala, pitani ku sexual health clinic ndi botolo lanulo aone omwe mukumwa. Mano ndi magalasi ndiye konzekerani kutulutsa ndalama.

Pomwe a Malawi ambiri timachita mphwayi mpamene tikuitana makolo. Mayi abwera kudzathandiza chikuta pa visitor visa, IHS sanalipire, ndiye tonse timangoti paja NHS ndi yaulele. Kwa GP ndi ku A&E, kolandirira angozi ndi odwala mwadzidzidzi, inde awaona osalipira, koma akangowagoneka mu wodi bilu imayamba kuwerengedwa, ndipo ku England mlendo amamulipiritsa 150% ya mtengo wa NHS, ndiye tangoganizani stroke kapena opaleshoni ndi masiku angapo ali pabedi. Ngongole ya £500 kapena kuposa ikakhala miyezi iwiri osabweza chipatala chimatha kudziwitsa Home Office, ofesi ya boma yoona za ma visa, visa yotsatira ya mayi aja nkukanidwa.

Choncho inshuwalansi yoti mugule ndi ya alendowa, travel insurance, asananyamuke pa Kamuzu kapena Chileka, ndipo ikwane masiku onse omwe akhale kuno. Polemba fomu musabise kanthu, ngati ali ndi BP kapena shuga nenani ngakhale mtengo ukwere, chifukwa kampani ikadzazindikira kuti munabisa imatha kukana kulipira zonse. Muonenso ngati muli gawo lonyamula munthu kubwerera kumudzi, wodwala kapena zikavuta mtembo. Anthu sitikonda kuzikamba izi ndikudziwa, koma mwaona nokha zopereka zomwe zimayenda m'magulu a WhatsApp maliro akachitika kuno, ndipo nthawi zambiri sizikwana msanga.