Mukapita ku Zanzibar, musathamangire kukwera dhow

Amene mukukonzekera ulendo wa ku Zanzibar, yambani mwayenda mu Stone Town, dera lakale la mzinda wa Zanzibar, za panyanja zibwere pambuyo. Mukayamba ndi dhow, ngalawa yamatanga, dzuwa ndi mafunde zimakufoolani, mawa lake miyendo imakana.

Mu Stone Town muziyenda m'mawa kusanatenthe, wapansi, chifukwa tinjira take n'topanikiza, galimoto silowa. Musaphonye tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chomwe chinamangidwa pomwe panali msika wa akapolo. Ena mwa ogulitsidwa pamenepo ankachokera kwathu konkuno, kudzera ku Nkhotakota. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa ku mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, womwe patsinde pake anakwirira mtima wa David Livingstone mu 1873. Khalanipo ndithu, si malo ongojambula chithunzi n'kumapita. Valaninso modzilemekeza, anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu.

Tsono za dhow, ngalawa yamatanga ija. Musanalipire, onani ndi maso anu majekete oyandamitsa, ndipo akwane aliyense, ana omwe. Akakuuzani kuti "alipo" osakuonetsani, fufuzani ngalawa ina. Nyanja yamchereyi si ngati yathu: madzi amaphwera n'kudzadzanso kawiri patsiku, choncho funsani nthawi yonyamuka ndi yobwerera. Kuyambira June mpaka August kumawomba mphepo ya kusi, yaukali ngati mwera. Ngati mumachita nseru, idyani pang'ono, khalani pakati pa ngalawa, maso akhale patali. April ndi May ndi miyezi ya mvula yambiri, ipeweni.