Kalembedwe ka mbiri ya bambo amene anadwala nthawi yaitali

Bambo a pabanja akamwalira atadwala kwa zaka zingapo, amene wapatsidwa udindo wolemba mbiri yawo amakhala ndi vuto lakuti m'maganizo mwake mwadzaza masiku omaliza okha, monga maulendo a kuchipatala, nthawi zomwera mankhwala ndi usiku umene ankachezera pambali pa bedi. Mukangolemba zimene zikubwera msanga m'mutu, munthu amene anakhala ndi moyo zaka 68 mudzamufotokoza ngati wodwala wa zaka 4, ndipo zaka zina zonsezo zidzasowa. Ntchito yanu yaikulu ndi kuzifunafuna zaka zimenezo.

Yambani ndi anthu amene anawadziwa malemuwo asanadwale, monga abale awo obadwa nawo, anzawo a paubwana ndi amene ankagwira nawo ntchito. Mayi a m'nyumba amadziwa zambiri kuposa onsewa, koma kawirikawiri ndiwo amene atopa kwambiri ndi kudwazika, choncho afunseni modekha ndipo musawaumirize kuyankha zonse tsiku limodzi. Ndi bwino kucheza ndi munthu aliyense payekha, chifukwa pagulu anthu amangovomereza zimene wamkulu wanena. Musafunse kuti malemuwo anali munthu wotani, pakuti aliyense adzayankha kuti anali wabwino, ndipo yankho limenelo silikupatsani cholemba. Funsani zimene ankachita akaweruka kuntchito, mawu amene ankakonda kunena akakondwa kapena akakwiya, mmene ankalangizira ana, ndi zimene zinkawaseketsa. Ngati wofunsidwayo wavomera, jambulani mawu ake pa foni kuti mudzalembe monga momwe iye ananenera.

Zaka ndi mayina musazidalire pamtima. Chaka chobadwa, cha ukwati, choyambira ntchito ndi chopumira muzione pa chiphaso, pa setifiketi ya ukwati ndi pa makalata a kuntchito. Mayina a ana ndi zidzukulu muwalembe motsatira kubadwa kwawo, ndipo wina awaonenso, chifukwa dzina limodzi loiwalika limasiya madandaulo amene satha msanga.

Nkhani ya matenda ndiyo ifunika kusamala kwambiri. Kuibisa ngati kuti sinachitike ndi kuwalakwira amene anavutika nawo, koma kutchula dzina la matendawo kudalire chimene mwini wake ankafuna ali moyo, ndiponso chimene mayi ndi ana agwirizana. Ngati bambowo ankanena poyera kuti akudwala khansa, shuga kapena impso, mukhoza kutchula, koma ngati ankasunga chinsinsi, mawu akuti anadwala kwa nthawi yaitali ndi okwanira. Zotsatira za kuchipatala ndi zonse zimene zikanawachititsa manyazi zisiyeni. Chimene omvera akufuna kumva ndi mmene anakhalirabe bambo a banja ali chidwalire: mwina ankafunsabe za sukulu ya ana ali chigonere, kapena ankapepesa owasamalira chifukwa chowadzutsa usiku. Dziwaninso kuti matenda ena, monga sitiroko ndi matenda oiwalaiwala, amasintha kalankhulidwe ndi khalidwe la munthu, moti wofatsa amatha kuyamba kupsa mtima msanga. Zidzukulu zimene zinawadziwa atasintha kale zikufunika kuuzidwa momveka kuti chinawasintha ndi matenda, ndipo ziuzidwe mmene agogo awo analili kale. Ine ndimaona kuti mawu akuti "anagonja ku matenda" ndi osayenera, chifukwa amamveka ngati wodwalayo sanayesetse mokwanira. Mbiri si malo odzudzulirapo madokotala kapena achibale amene sanabwere kudzazonda.

Amene anadwazika athokozedwe ndi mayina awo, makamaka amene anasiya ntchito kapena sukulu kuti asamalire wodwalayo.

Mukamaliza kulemba, onani ngati gawo la matenda silinapitirire limodzi mwa magawo anayi a mbiri yonse, kenako muiwerenge mokweza mukuyang'ana wotchi. Mphindi 5 zimakwanira ngati idzawerengedwa pagulu. Konzani wachibale wina woti adzapitirize kuwerenga mawu anu akadzakanika kutuluka. Chithunzi chikhale cha nthawi imene anali athanzi, pokhapokha ngati banja lasankha china. Mbiriyo musindikize pa pepala, ndipo pamodzi ndi mawu ojambulidwa aja muitumize kwa abale awiri kapena atatu, chifukwa foni imatayika kapena kuwonongeka.