Feteleza mwathira koma chimanga chikungofiira? Vuto likhoza kukhala asidi

Anzanga alimi, chaka chilichonse ikafika Januwale dandaulo limakhala lomweli, "alangizi, wokulitsa ndinathira bwinobwino koma chimanga changopinimbira, masamba afiira ngati pepo." Ambiri amathamangira kunena kuti anawagulitsa feteleza wa feki. Mwina nthawi zina, koma pa katondo makamaka kumadera a mvula yambiri ngati Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, kawirikawiri imakhala nthaka yowawasa, ija timati ya asidi.

Kuwawasa kwa nthaka timayeza ndi pH, manambala ake amayambira 0 kufika 14 ndipo 7 ndiye pakati. Nambala ikamatsika asidi akuchuluka, ndipo samachuluka pang'onopang'ono ayi, nthaka ya pH 5 ndi yowawasa ka 10 kuposa ya pH 6. Tiyi amasangalala pa 4.5 mpaka 5.5, nchifukwa chake ku Thyolo amachita bwino, koma chimanga chimafuna kuyambira 5.5 kupita chakumtunda. Pansi pa 5.5 aluminiyamu yemwe amakhala chete mu dothi amasungunuka nkuyamba kuwotcha nsonga za mizu. Zulani phesi limodzi lopinimbira muone, mizu imakhala yaifupi, yotupa kunsonga, timizu ting'onoting'ono tija mulibe. Ndiye fosifolasi wa mu feteleza wokulitsa yemwe mwagula ndi ndalama zanu uja, akangofika mu dothi lotere amagwidwa ndi ayironi ndi aluminiyamu, alipo ndithu m'mundamo koma chimanga sichingamudye, nchifukwa chake masamba amafiira. Kufiira kwa katondo ndi dzimbiri la ayironi yemweyo.

Tsopano apa mpamene ndikufuna timvane, chifukwa anthu akamva kuti asidi amaganiza za wa mu batire la galimoto basi. Alipo ma asidi ena ofatsa ochokera ku zomera ndi zowola omwe timadya tsiku ndi tsiku. Kuwawasa kwa mandimu ndi citric acid, kwa bwemba ndi tartaric acid, chambiko chimawawasa ndi lactic acid, viniga ndi acetic acid. Amayi amadziwa kuti mpeni ukachita dzimbiri ukapaka ndimu limachoka, zimatheka chifukwa citric acid amagwira ayironi ngati mbano, kumukumbatira mbali zingapo osamusiya. Zomwezo zimachitika mu nthaka. Manyowa ndi mapesi akamawola tizilombo tosaoneka ndi maso timatulutsa ma asidi ngati amenewa, iwo amakagwira ayironi ndi aluminiyamu uja, aluminiyamu wogwidwa sawotchanso mizu ndipo fosifolasi amamasuka. Ine ndimati manyowa ndi kiyi wa nkhokwe, chakudya muli kale mkatimo.

Mbewu zina zimapanga zokha ma asidiwa kumizu. Nandolo ndiye katswiri, ofufuza a bungwe la kafukufuku wa mbewu la ICRISAT ku India anafalitsa mu 1990 kuti mizu yake imatulutsa piscidic acid yemwe amalanditsa fosifolasi wogwidwa ndi ayironi mu dothi lofiira. Masamba ake akayoyoka nkuwolera pompo, fosifolasi uja amatsalira chimanga cha chaka chamawa, kuphatikiza nayitrojeni. Makolo athu a kummwera omwe sasiya nandolo m'munda wa chimanga sankadziwa dzina la asidiyu koma ankaona zotsatira zake.

Ndiye chochita nchiyani. Manyowa owola bwino, kaya a chimato, a changu, a dzenje kapena a m'khola, ikani pa phando pomwe padzagwere feteleza wokulitsa kuti zikumane, osangomwaza pamwamba nkuwasiya apse ndi dzuwa la Okutobala. Ma asidi ofatsawa sakhalitsa, tizilombo tomwe tija timawadyanso, ndiye za kuthira chaka chimodzi nkupuma zaka zitatu sizithandiza, nkofunika chaka ndi chaka. Mapesi musawotche. Ndikudziwa ena muti phulusa limachepetsa asidi, nzoona, ndi lomwe timachezera chidulo lija, koma mukawotcha mwataya nayitrojeni mu utsi komanso chakudya cha tizilombo topanga ma asidi abwinowa. Phulusa la kukhitchini ndilo sungani muzimwaza kudimba pang'onopang'ono.

Chenjezo, manyowa osapsa ndi nkhani ina. Dzenje likadzaza madzi mpweya osalowa, mmalo mwa fungo la dothi mumamva kafungo kowawasa konyansa, ameneyo ndi acetic ndi butyric acid wachuluka ndipo amalepheretsa mbewu kumera bwino. Mulu wotere utembenuzeni, onjezerani udzu wouma, mudikire mpaka ude ndi kuzizira, ukamafumbutuka m'manja ndiye wapsa.

Pomwe pH yatsika kwambiri, tinene pansi pa 5, manyowa okha sangakwanitse, pamafunika laimu wa ulimi, wa dolomite ndi wabwino poti ali ndi magineziyamu. Koma musathire mongoganizira, laimu akachuluka amatsekanso zinki, chakudya china chomwe mbewu imafuna. Tengani dothi malo angapo m'munda kuyambira pamwamba kufika masentimita 20, sakanizani, muumitse pamthunzi ndipo mlangizi wa kwanuko akuthandizeni kutumiza kumalo ofufuzira za ulimi ku Chitedze kapena ku Bvumbwe akayeze akuuzeni mlingo. Laimu amagwira ntchito mochedwa, mumusakanize ndi dothi miyezi iwiri kapena itatu musanadzale, ndipo laimu kapena phulusa musamaphatikize ndi Urea kapena Sulphate of Ammonia (SA), nayitrojeni amauluka mumamva ndi fungo lolasa mphuno lija. Enanu amene mumakonda SA chifukwa amabiriwitsa msanga kudimba, dziwani kuti pa feteleza wobereketsa amene timagwiritsa ntchito ndi yemwe amawawasitsa nthaka kwambiri kuposa Urea, CAN ndiye wofatsako, ndiye ngati dothi lanu layezedwa kale nkupezeka la asidi SA yambani mwamusiya kaye.