Kufufuza mayi okuberekani ngati munabadwira m'nyumba za masisitere ku Ireland

Mtsikana amene anachira ku Bessborough, nyumba ya masisitere yosungiramo amayi osakwatiwa ku Cork, mu 1965 ali ndi zaka 18, lero wayandikira zaka 80. Nthawi yozengereza palibe. Komiti yofufuza ya boma, mu lipoti lake la mu Januwale 2021, inapeza kuti amayi pafupifupi 56,000 ndi ana 57,000 anadutsa m'nyumba 18 zosungiramo amayi osakwatiwa ndi ana awo pakati pa 1922 ndi 1998, ndipo ana pafupifupi 9,000 anafera momwemo. Ambiri mwa amayiwa anasiyanitsidwa ndi ana awo mosafuna, chifukwa chokhala ndi pakati asanakwatiwe.

Yambani ndi kulembetsa m'kaundula wa Contact Preference Register, momwe anthu amalemba ngati akufuna kukumana ndi achibale awo kapena ayi. Kaundulayu ali m'manja mwa Adoption Authority of Ireland, bungwe la boma loyang'anira zopereka ana ku mabanja ena. N'zaulere, ndipo mungalembetse ngakhale mukukhala kunja. Ngati mayi anu kapena m'bale wanu analembetsa kale, mayina anu akumana ndipo mudziwitsidwa.

Kenako pemphani mapepala anu pa birthinfo.ie. Lamulo la Birth Information and Tracing Act la 2022 limapatsa aliyense wa zaka 16 kapena kuposerapo ufulu wolandira chikalata chake choyambirira chobadwira, chokhala ndi dzina la mayi. Pemphani ku mabungwe onse awiri, Adoption Authority ndi Tusla (bungwe la boma loona za ana ndi mabanja), chifukwa mafayilo anagawikana. Za chigamulo chokuperekani ku banja lina zili ku Authority, pamene mabuku a nyumba ngati Bessborough, Sean Ross Abbey ndi Castlepollard ali ku Tusla. Chongani zigawo zonse pafomu: za kubadwa, za ukhanda, za kumene munkasungidwa, za umoyo, ndiponso zinthu zimene anakusiyirani, monga kalata kapena chithunzi. Lamulo limati ayankhe m'masiku 30, kapena 90 nkhani ikakhala yovuta, koma anthu ambiri anadikira kuposa pamenepo, ndiye muzikumbutsa molemba. Mayi akakhala kuti analembetsa kuti safuna kukumana, mudzafotokozeredwa zimenezo poyamba, koma mapepalawo mudzalandirabe.

Pano ndiye pofunika kusamala: mapepala ena amanama. Masisitere ankapatsa atsikana mayina ena a m'nyumbamo, choncho dzina limene lili m'buku lingakhale losadziwika kwawo. Mu 2018 boma linaulula kuti m'mafayilo a St Patrick's Guild, bungwe limene linkapereka ana ku mabanja ena, munapezeka ana 126 amene analembetsedwa ngati obadwa kwa makolo owalera, ndipo ena anawasinthira ndi tsiku lobadwa lomwe. Yerekezani chilichonse ndi buku la ubatizo la parishi ya kumene munabadwira. Ngati munatumizidwa ku America, monga ana oposa 1,400 a m'nyumbazi, pemphaninso fayilo yanu yolowera m'dzikolo ku USCIS, ofesi ya boma la America yoona za olowa m'dziko, chifukwa chigamulo chanu chinapangidwira kumeneko ndipo Authority ingakhale ndi zochepa. Musadalire mawu a nyumbayo okha. Michael Hess, amene anatumizidwa ku America ali mwana, anabwerera ku Sean Ross Abbey kudzafunsa za mayi ake, Philomena Lee, amenenso ankamufuna, koma masisitere sanawalumikize, ndipo Michael anamwalira mu 1995 asanakumane.

Mukapeza dzina ndi kwawo kwa mayi, fufuzani ukwati wawo m'kaundula wa General Register Office, popeza ambiri anasintha dzina atakwatiwa. Mukapanda kuwapeza, ganizirani za ku England, kumene ambiri anathawira atatuluka.

Mapepala akakanika, pimitsani DNA. Mumalavulira malovu m'kabotolo ka AncestryDNA, ndipo zotsatira zikabwera muziikenso pa GEDmatch, webusaiti yofananitsa DNA ya anthu pofuna achibale. Ubale amauyeza ndi cM, muyeso wa kuchuluka kwa DNA imene mukufanana ndi munthu wina: kholo limafika pa 3,500, m'bale wa mayi mmodzi bambo wina pa 1,750, msuweni weniweni pa 850. Koma 1,750 yomweyo ingakhale ya azakhali, amalume kapena agogo, ndiye onaninso zaka za munthuyo. M'midzi ya ku Ireland anthu ankakwatirana apafupi, zimene zimakweza manambala a achibale akutali. Musalembere msuweni kuti mukufuna mayi anu: mungaulule chinsinsi chimene iwo asunga zaka 60, mwina osauza ngakhale amuna awo.

Pa chifukwa chomwecho, musakagogode pakhomo kapena kulemba pa Facebook. Amene wakwanitsa zaka 18 angapemphe Tusla kuti iwafufuze ndi kukhala mkhalapakati. Mukasankha kulemba nokha, kalatayo ikhale yaifupi, yamanja, mu envelopu yopanda chizindikiro, yongotchula malo ndi chaka chimene "munadziwana", kuti wina akaitsegula asamve kanthu. Yankho likachedwa, dikirani miyezi ingapo musanalembenso. Amayi ambiri anasainitsidwa pepala lolonjeza kuti sadzamufunanso mwanayo, ndipo ena amaopabe kuti akayankha apalamula mlandu. M'kalata yachiwiri auzeni momveka kuti palibe lamulo lowaletsa kuyankha.